Jipe ya Che Amadu ndi Tinta Imene Ndinasankha

Ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga manja asanayambe kunjenjemera kwambiri. Ndavomera. Za ubwana wanga ndizidumpha, poti zinali ngati za mwana wina aliyense wa kuno ku Mecanhelas. Inu mumandidziwa kuti ndine Mestre Lino, mmisiri wopaka tinta magalimoto, munthu wovuta kukhutira. Koma pali chinthu chimodzi chimene simukuchidziwa, ndipo ndicho chandikhazika pansi ndi cholembera.

1973, Cuamba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Cuamba, m'garaja ya kampani ina ya thonje. Ife tinkaitcha ofisina. Bwana wanga anali Mpwitikizi wamfupi dzina lake Sinyoro Valente, wa chifuwa chosatha chifukwa cha fungo la tinta. Chaka chathunthu sanandilole kugwira pistola, chida chopopera tinta chija. Changa chinali kukhula zitsulo ndi lisha, sandipepa uja, mpaka zala zinkatuluka magazi. Ndikati ndamaliza, iye ankatseka maso, n'kuyendetsa chikhatho pachitseko cha galimoto, n'kunena mawu amodzi okha: "Bwereza." Ndinkamutukwana chamumtima m'zinenero zitatu, koma zonse zimene ndikudziwa ndinaziphunzira kwa iyeyo. Anandiphunzitsa kuti tinta yaiwisi imanama, choncho uyambe waipaka pakachitsulo kotaya, uiyanike padzuwa, kenako uone mtundu wake weniweni. Anandiphunzitsanso kuti ukafuna kudziwa mtundu umene galimoto inabadwa nawo usayang'ane padenga, koma pansi pa mpando, pamene dzuwa silifika. Lamulo lake lalikulu linali lachitatu. Tsiku lina anapeza wantchito mnzathu akupaka ngolo ya thirakitala tinta ya m'nyumba ndi burashi. Anamulanda chitinicho n'kuchiponya kunja kwa mpanda. "Galimoto si khoma!" anakuwa motero mpaka chifuwa chinamugwira. Ine mawu amenewo ndinawasunga ngati ochokera m'buku lopatulika.

1976 mpaka 1984, Insaca

Dziko litalandira ufulu Valente anapita kwawo, ndipo ine ananditumiza kuno ku Insaca, likulu la boma la Mecanhelas, kuti ndizisamalira magalimoto ochepa amene analipo. Mkulu wanga, amene tinkawatcha chefe, anali a Namakoma, amene kale anali mphunzitsi. Za magalimoto sankadziwa kanthu, koma anali ndi mtima wabwino, ndipo sankachita manyazi kufunsa. Zaka zimenezo chilichonse chinali chosowa. Lisha itatha ndinkakhula zitsulo ndi mchenga wosefa ndi nsanza. Mafuta osungunulira tinta atasowa ndinkathira petulo, naye akapezeka. Makina opopera mpweya atafa, ndinkapopa tayala lalikulu ndi pampu ya manja, n'kulumikiza pistola kutayalako. Mpweya unkakwana chitseko chimodzi, kenako n'kuyambanso kupopa. Komabe palibe galimoto imene inatuluka m'manja mwanga tinta ikuchucha, ndipo ndinkanyada nazo kwambiri, mwina mopitirira.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi Che Amadu, dalaivala wa jipe ya chipatala. Kwawo kunali m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kubanja la asodzi, ndipo iye yekha ndiye anasiya ukonde n'kugwira chiwongolero. Jipeyo anaisiya amishoni. Inali yakale kale ngakhale nthawi imeneyo, ya thupi la aluminiyamu, yoyera mopita kumkaka, ili ndi mtanda wofiira pachitseko chilichonse. Che Amadu ankaikonda ngati mwana. Akachokera kunyanja ankandibweretsera matemba m'kathumba, n'kukhala patayala kumandiseka ndikugwira ntchito. Ine ndinkamubwezera kuti Msilamu wanji amene amayenda ndi mitanda iwiri tsiku lililonse. Iye ankayankha kuti, "Lino, ine Lachisanu ndimapita kumzikiti, koma pamsewu amene amandisunga ndi mtanda wanuwu."

1985

Nkhondo inali itafika m'misewu yathu. Chaka chimenecho tinamva kuti kubwera alendo akuluakulu ochokera kuchigawo, ndipo a Namakoma anandiitana. Tinta ya jipe inali itasupuka, zitsulo za m'munsi zitachita dzimbiri. Anati ndiikonze isatichititse manyazi. Ndinawauza kuti tinta yoyera ya galimoto kulibe m'boma lonse.

"Kuchipatala kuli chitini cha yoyera, imene inatsala popaka makoma," anatero a Namakoma. "Singagwire imeneyo?"

"Chefe, galimoto si khoma. Mvula yoyamba idzasupuka yonse, ndipo anthu adzati anapaka ndi Lino."

"Nanga tichite bwanji?"

Ine ndinali nalo kale yankho. M'nyumba yosungira katundu munali mgolo wa tinta yobiriwira imene kampani ya thonje inkapaka mathirakitala, tinta yeniyeni ya zitsulo, yonenepa bwino. Ndinali nditaisirira kwa nthawi yaitali, ndikusowa pokaipaka. A Namakoma anakayika pang'ono, kenako anati, "Inu ndinu mestre." Ndinaigwira ntchitoyo sabata yathunthu. Mitanda ija ndinaikwirira, ndi maganizo akuti tinta yofiira ikapezeka ndidzaibwezeretsa. Kunena zoona, jipeyo inatuluka bwino kuposa galimoto ina iliyonse imene ndinapakapo m'zaka zosowazo.

Che Amadu atabwera kudzaitenga anabwera ndi mwana wake Isufu, wa zaka zisanu. Anamunyamula n'kumukhazika pabonati, iye n'kuizungulira galimotoyo pang'onopang'ono. Sanaseke monga mwa masiku onse.

"Achimwene, mwaikongoletsa," anatero. "Koma patali ikuoneka ngati ya asilikali."

"Iwe umayendetsa, ine ndimapaka. Ndinayamba ndakuuzapo za magiya?"

"Mtanda wanga uli kuti?"

"Ubwera yofiira ikapezeka."

Anagwedeza mutu n'kukwera. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Alendo tinkawakonzekera aja sanabwere n'komwe. Patatha milungu itatu, m'mawa dzuwa litakwera, jipeyo inawomberedwa pamsewu wopita ku Chiuta ikukatenga wodwala. Che Amadu anafera pachiwongolero. Munalinso namwino, mayi wachikulire, amene anapulumuka atagona pansi pa mpando. Titaika maliro, mayiyo anandikokera pambali. Anandiuza kuti anthu amfutiwo atatuluka m'tchire n'kuona mabokosi a mankhwala, mmodzi anamufunsa mokalipa kuti bwanji akuyenda m'galimoto ya asilikali, pamene yoyera ya chipatala ija anali akuilola kudutsa miyezi yonseyo. Sananene kuti wolakwa ndine. Anangondiyang'ana, n'kumanga bwino nsalu yake, n'kupita. Masiku amenewo magalimoto ankawomberedwa kawirikawiri, choncho palibe wina amene anaganizapo za tinta. A Namakoma sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo ine ndinatseka pakamwa.

1986 mpaka 1993, Malawi

Chaka chotsatira tinathawa kudzera pamalire a Entre Lagos. Ine ndi amayi anu tinatenganso mkazi wa Che Amadu, Abiti Musa, pamodzi ndi Isufu. Kumsasa wa othawa nkhondo nyumba zathu zinayandikana. Pambuyo pake ndinapeza ganyu m'garaja ina ku Liwonde, kumene ndinaphunzira kunena penti m'malo mwa tinta, ndipo chilichonse chimene ndinkabwera nacho tinkagawana makomo awiri. Inu akuluakulu mukukumbukira kuti Isufu ankadya nanu mbale imodzi, ndipo nsapato zikapezeka woyamba kuvala anali iyeyo. Munkang'ung'udza, ndinkakumvani. Anthu ankanditama kuti ndine bwenzi lenileni, losaiwala mnzake ngakhale ali m'manda. Mawu amenewo ankandiwawa kuposa kutukwanidwa. Namwino uja anamwalira komweko kumsasa. Ndinapita kumaliro ake, ndipo ndikuvomera mwamanyazi kuti pobwerera mtima wanga unapepukako.

1994 mpaka 2015, Insaca

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu. Ntchito yakale ija kunalibenso, choncho ndinamanga shedi yanga kuseri kwa msika. Ndapaka machapa onyamula anthu, njinga zamoto, mageti, ngakhale mabokosi osungira ndalama a m'masitolo. Tinta yobiriwira ndinkaikana. Munthu akaifuna ndinkamuuza kuti imafwifwa msanga padzuwa la kuno, bodza limene ndinalinena mpaka ndinayamba kulikhulupirira. Isufu anakula n'kukhala wamalonda pa Entre Lagos, wogula nandolo ndi chimanga. Ukwati wake ndinaimira ngati bambo. Abiti Musa atamwalira, munthu woyamba amene Isufu anamuimbira foni ndinali ine. Chifuwa chitayamba kundivuta ngati cha Valente, ndinapachika pistola n'kupuma.

2019

Tsiku lina m'nyengo yozizira lole inaima pakhomo panga. Pamwamba pake panali chigoba cha galimoto, chopanda magalasi, matayala ataphwa. Ndinachizindikira chisanatsitsidwe: inali jipe ya Che Amadu. Isufu anatsika akumwetulira ngati mwana. Anati anaipeza kuseri kwa nyumba ina ku Chiuta, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala, ndipo anayenda m'maofesi miyezi ingapo kuti amulole kuitenga. Injini anali atatumiza kale kwa makaniko wa ku Cuamba. Kwa ine ankafuna thupi ndi tinta.

"Abambo, ndikudziwa kuti munapuma," anatero. "Koma iyi palibe wina angaigwire. Ndikufuna kubiriwira kuja kwenikweni, kumene munapaka inuyo."

"Pali mitundu yambiri yabwino masiku ano, mwana wanga."

"Ayi, abambo. Ine chithunzi cha ababa ndilibe, zonse zinapsa. Nkhope yawo sindiikumbukira. Chimene ndimakumbukira n'chimodzi chokha: anandinyamula n'kundikhazika pabonati yobiriwira, yotentha, ikununkhira tinta yatsopano. Ndikaona mtundu umenewo ndimamva manja awo m'khwapa mwangamu."

Ndinavomera, poti ndikanakana bwanji? Ndinayamba ndi thupi, n'kumachedwa dala. Ndinawongola mapiko ophimba matayala, ndinasintha zitsulo zodyeka ndi dzimbiri. Pachitseko cha dalaivala panali mabowo a zipolopolo, ndipo ndinawatseka limodzi ndi limodzi, ndikulankhula ndi mwini wake chamumtima. Zitatha zimenezo panalibenso pothawira. Isufu anabweretsa zitini kuchokera ku Nampula, ndipo ndinakhala pansi kusakaniza. Ndinkayembekeza kuti mtunduwo undivuta, kuti ndipeze chonamizira. Koma dzanja linali lisanaiwale. Yobiriwira, kachikasu pang'ono, kadontho ka yakuda, basi. Ndinapaka pakachitsulo n'kuyanika padzuwa. M'mawa mwake Isufu atafika anakanyamula, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi imeneyi," anatero motsitsa mawu. "Ndi imeneyi ndithu."

Ndikanangokhala chete, bwenzi lero ali munthu wokondwa. Ndinaziganizira zimenezo, musaganize kuti sindinaganize. Amayi ake anali atapita, namwino atapita, a Namakoma atapita. Panalibenso munthu pansi pano woti n'kunditsutsa. Koma ndinaona m'maganizo mwanga Isufu akuyenda ndi ana ake m'jipe yobiriwira pamsewu womwewo wa ku Chiuta, akuwauza kuti agogo Lino ndi amene anasankha mtundu wokongolawu, ndipo ndinadziwa kuti sindingamubisirenso. Ndinamuuza kuti akhale pansi. Ndinachotsa mpando wa dalaivala n'kumuonetsa pansi pake, pamene pistola yanga sinafike chaka chija. Panali poyera mopita kumkaka. Kenako ndinakhula pang'ono pakati pa chitseko mpaka kufiira kwa mtanda kunaonekera pansi pa kubiriwira. Ndinamuuza zonse: za chitini cha tinta ya khoma chimene ndinakana, za mawu a bambo ake, za yankho langa lachipongwe, ndi zimene namwino anamva kwa anthu amfuti aja. Sindinachepetseko kanthu.

Kachitsulo kobiriwira kaja kanali kadakali m'manja mwake.

"Amama ankadziwa?"

"Sankadziwa."

"Ababa anakuuzani kuti ikuoneka ngati ya asilikali?"

"Anandiuza. Iwe unali pabonati."

Apa anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo chikulireni chake, poti anali mwana waulemu. "Ndiye zaka zonse zija kumsasa, nsapato zija, chakudya chija, munkachita chifukwa chondikonda kapena chifukwa cha tinta?"

"Zonse ziwiri, Isufu. Ndayesa kuzilekanitsa, ndalephera."

Anaika kachitsuloko pansi mosamala, ngati kangasweke. Atafika pakhomo la shedi anaima osacheuka. "Pakani imene mukuona kuti ndi yoyenera," anatero. "Ine sindikudziwanso." Ndipo anapita.

Ndinakhala milungu iwiri ndi zitini ziwiri patebulo. Amayi anu, amene ndinawauza nkhaniyi tsiku lomwelo kwa nthawi yoyamba, analira, kenako anati ndipake yobiriwira. Anati mwanayo anabwera kudzafuna bambo ake, osati kudzandisambitsa ine. Mawuwo anali oona ndipo anandilasa. Kawiri konse ndinathira yobiriwira mupistola, kawiri konse ndinaibwezera m'chitini. Ndinkadziuza kuti Che Amadu anafunsa za mtanda wake, kuti iye ankafuna jipe yake yoyera, ndipo ndiyenera kumubwezera ngakhale mochedwa. Lero ndimadzifunsa ngati sikunali kuuma mutu komwe kuja, kwa munthu amene amaganiza kuti iye yekha ndiye amadziwa mtundu woyenera.

Ndinasankha yoyera. Ndipo poti ndikulembera inu amene ena mwa inu mwagwirapo pistola, ndikuuzeni kuti kuyera kulipo kwamitundumitundu. Kuyera kwa masiku ano, kothobwa m'maso ngati kwa filiji, sikuyenera galimoto yakale. Ndinadula kachidutswa pansi pa mpando paja, n'kumasakaniza mpaka ndinapeza mnzake: yoyera, kachikasu pang'ono, ndi kadontho ka yofiirira. Sindinagwiritse ntchito tinta yatsopano yowala ngati galasi, chifukwa imaonetsa khwinya lililonse la aluminiyamu wokalamba. Ndinatenga ya mtundu wakale, youma pang'onopang'ono, n'kupaka katatu m'mawa mphepo isanayambe kuulutsa fumbi. Chifuwa chinandigoneka masiku anayi pambuyo pake. Mtanda sindinaujambule, poti galimotoyo si ya chipatalanso. Inali ntchito yanga yomaliza, ndipo ndikuganiza kuti inali yabwino koposa zonse.

Injini itaikidwa ndinamutumizira uthenga. Anabwera Loweruka ndi dalaivala wake wa lole. Anandipatsa moni mwaulemu, manja awiri, n'kufunsa za chifuwa changa. Kenako anaizungulira jipeyo pang'onopang'ono. Anayang'ana zitseko, anasisita pamene panali mabowo, anaika chikhatho pabonati n'kutseka maso. Anaima choncho nthawi yaitali, ndipo ine ndinadziwa chimene ankadikira.

"Mwapaka bwino, abambo," anatero atatsegula maso. "Palibe pokudzudzulani. Koma galimoto iyi sindikuidziwa."

"Ndi mmene inalili bambo ako akuiyendetsa zaka zonse."

"Mwina. Koma ine sindinaione choncho. Yoyerayi mulibe munthu. Ndipo yobiriwira ija, chiyambire tsiku lija, ndikaikumbukira sindikumvanso manja a ababa. Ndikungoona mabowo."

Ndinamupatsa kiyi, iye anaipereka kwa dalaivala wake kuti aiyendetse mpaka ku Entre Lagos. Dalaivalayo anamutsegulira chitseko, koma Isufu anapukusa mutu. Ananditsanzika, n'kuyenda wapansi kupita kumsika kukakwera chapa.

Sanadane nane. Pa chikondwerero cha Idi amatumizabe nyama, ndipo amayi anu atadwala anabwera kudzawaona. Koma sakhalitsa, ndipo nkhani za bambo ake, zimene kale ankandipempha nthawi zonse kuti ndimusimbire, sazifunsanso. Jipeyo ili m'shedi kuseri kwa sitolo yake, yofundidwa lona. Ana ake akuti sanaikwerepo.

Ana anga, ndalemba izi kuti mudziwe bambo anu monga alili. Mwana uja ndinamulanda bambo ake ali ndi zaka zisanu, chifukwa chokana chitini cha tinta ya khoma. Anatsala ndi kachikumbutso kamodzi kokha, ndipo nako ndinamulanda ali ndi imvi zoyamba. Koyamba kaja ndikudziwa kuti ndinalakwa. Kachiwiri aka ndimakaganizira tsiku lililonse, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndinamuuza zoona chifukwa cha iye kapena chifukwa cha ine.